Mmene ndinadzutsira injini ya 454 yomwe inagona m'shedi

Injiniyi ndinaigula kwa mdala wina kuno ku Indiana, ku America: 454 ya Chevrolet (nambalayi ndi kukula kwa injini m'ma cubic inch), ya malita 7.4, yochoka mu pikapu ya 1976. Mbewa zinali zitamanga chisa pamwamba pa intake, chitsulo cholowetsa mpweya ndi petulo mu injini. Poiphwasula, mabauti a mbali iliyonse ndinkawaika m'kachitini kakekake n'kulembapo dzina. Mukanyozera zimenezi mudzalira tsiku lomanga.

Buloko, thunthu la injini lomwe muli masilinda, ndinakaisiya kwa amisiri a makina kuti aitsuke ndi kuifufuza ming'alu. Inalibe, koma masilinda anali atadyeka, ndiye anawakuza ndi 0.030 ya inchi. Bowo la silinda la mainchi 4.250 likakula chonchi, 454 ija imasanduka 460.

Chinandisowetsa tulo ndi compression (mmene pisitoni imapanikizira mpweya ndi petulo) ndi camshaft (shafiti yotsegula mavavu). Injini za zaka zimenezo anazifoola chifukwa cha malamulo a utsi, compression yake inali cha m'ma 8 basi. Ndinagula mapisitoni otukuka pamwamba kuti ifike cha pa 9.5, mlingo womwe petulo wogula pa pampu amaukwanitsa injini osagogoda. Anzanga ankandiumiriza camshaft yaikulu, ija yochititsa galimoto kuguguda pa roboti ngati ikufuna kuzima. Kumveka imamveka bwino, sindikana. Koma mphamvu yake imadzuka mukadutsa 4,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), pomwe ine m'tauni ndimasewera pakati pa 1,500 ndi 3,000. Ndinatenga yapakatikati, ma head (zivundikiro za masilinda) ndinasiya omwewo a oval port, a mabowo ozungulira ngati dzira, pamwamba n'kuikapo intake ya Edelbrock Performer ndi kabureta ya Holley 750.

Pomanga, bearing iliyonse ndinaiyeza ndi Plastigage, kaulusi kobiriwira komwe mumagoneka pa crankshaft (shafiti yomwe mapisitoni amazungulitsa), n'kumanga kapu, n'kumasulanso kuti muone mmene kaphwatalalira. Ndinkafuna mpata wa pafupifupi 0.0025 ya inchi. Ntchito yotopetsa, inandidyera Loweruka lathunthu.

Nditaiika m'galimoto, tsiku loiliza koyamba ndinathira oyilo wokhala ndi zinc wambiri woteteza camshaft kuti isadyeke, poti camshaft ya mtundu wa flat tappet ikakhala yatsopano imafuna mphindi 20 mpaka 30 pa 2,000 mpaka 2,500 rpm, osailola kutsika. Inalira ulendo woyamba. Koma galimoto yonse inkanjenjemera, sipanala yomwe ndinaisiya pa fenda inayenda yokha n'kugwa pansi. Ndinazimitsa mtima uli phaphapha, ndikuganiza kuti crankshaft yapita.

Ndinaimbira mkulu wina wakwathu, makaniko wakalekale. Anangofunsa kamodzi: "Achimwene, flexplate mwaikayo mwaichotsa pa injini yanji?" Flexplate, chimbale cholumikiza injini ndi giyabokosi, inali ya injini ina ya Chevrolet, 396, ndipo ndinaitola motchipa. Eti 396 ndi 427 amazilinganiza kulemera mkati momwe, koma 454 imadalira chitsulo chowotcherera pa flexplate komanso damper yakeyake, chitsulo chochepetsa kunjenjemera kutsogolo kwa crankshaft. Damper inali yolondola, flexplate ayi.

Ndinatsitsanso giyabokosi, ndili chagada pa simenti yozizira, n'kuika yoyenera. Nditamaliza mphindi zotsala zija, ndinataya oyilo, n'kudula fyuluta kuti ndione ngati muli tizitsulo. Munalibe. Pano ndikangoponda pang'ono pochoka pa roboti, matayala akumbuyo amalira ndisanafike n'komwe pa 2,500.