Mvula siigwa mofanana abale

Chiperoni chatigwira kuno ku Ndirande kuyambira dzulo, kamvula kowaza kosaleka, zovala sizikuuma, ndiye ndangokhala mnyumba kumaganiza za mvula.

Ife kuno ku Blantyre timalandira mamilimita cha m'ma 1,000 pachaka, yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo. Koma ungotsika pa Thabwa kupita ku Chikwawa ndi Nsanje ndi nkhani ina, kotentha, mvula yochepa, pomwe ku Mulanje konkuja phiri limatchinga mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya Indian, ikakwera mmwamba imazizira basi mvula, nchifukwa chake tiyi amachita bwino. Dziko limodzi lomweli.

Nanga kunjaku? Ku Mawsynram ku India imagwa yopitirira mamilimita 11,000 pachaka, yathuyi kuchulukitsa ka 10 ndi kuposa! Pomwe ku Arica ku Chile, mchipululu cha Atacama, chaka chimatha osafika ndi milimita imodzi yomwe. Ana akumeneko fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa amalidziwa koma?

Sinowo ndiye ine sindinamuonepo, ndimangodziwa matalala. Ku Aomori ku Japan sinowo amagwa pafupifupi mamita 8 pachaka, kutalika kuposa nyumba zathuzi. Ngakhale mu Africa muno aliko, ku Lesotho nthawi yozizira komanso pamwamba pa Kilimanjaro.

Chimandiwawa ine nchakuti yathuyi yasintha, imachedwa kenako kubwera yonse pakamodzi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatilanda abale ku Chilobwe, madzi ndi miyala kutsika phiri la Soche, mpaka lero mitambo ikada mtima umandigunda.