Galimoto inkakokera kumanzere, ine n'kunamizira apongozi

Probox yanga inayamba khalidwe lachilendo mu November, mango atangoyamba kupsa. Ndikangofewetsa manja pachiwongolero, iyo inkanyenyerera kumanzere ngati mbuzi yaona chinangwa. Kukoka pang'ono n'kwachibadwa, poti msewu amaupendeketsa kuti madzi a mvula azitsikira m'mbali, ndipo ife timayenda kumanzere. Koma uku kunali kukoka kopweteketsa phewa.

Mayi akunyumba ankati galimoto yaloweza njira ya ku bala. Ine ndinali ndi wanga womuganizira: apongozi. Iwo amakhala kumbuyo kumanzere, kutali ndi mkamwini monga mwa mwambo, ndipo Mulungu sanawamane thupi. Loweruka lina tikupita ku Monkey Bay, pakamwa panandiphonya.

"Amayi, mukanasunthira kumanja kuno kuti galimoto ilingane."

Anasuntha osayankha. M'galimoto munati zii. Nditazindikira chimene ndalankhula, ndinaomba m'manja kupepesa, kuiwala kuti manja omwewo ndiwo agwira chiwongolero. Galimoto inatsika phula n'kukaima m'beseni la mango la mayi wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Ndinagula beseni lonse, ophwanyika omwe.

Makaniko wa pa boma la Mangochi anangoseka n'kutulutsa geji yoyezera mpweya. Tayala lakutsogolo kumanja linali ndi mpweya wa 2.3, lakumanzere 1.5, msomali uli phee pakati pa mapanga ake. Galimoto imakokera mbali ya tayala lofooka, anatero, ndipo mpweya suyezedwa ndi chala kapena chidendene monga ndinkachitira ine. Uyezedwe m'mawa matayala asanatenthe, potsatira nambala ya pa kapepala kamene kali pafelemu ya chitseko cha dalaivala.

Titamata n'kupopa, tinakazungulira kudutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi. Inkakokabe, ngakhale pang'ono. Titabwerera anati ndiyandikitse dzanja pa malimu akutsogolo. Ine, mwanzeru zanga, ndinagwiriratu. Lakumanja linali lofunda chabe, lakumanzere linandiwotcha zala mpaka ndinavina beni popanda ng'oma. Ataikweza pa jeke, tayalalo linkakana kuzungulira ndi dzanja. Timapini ta kalipa, chitsulo chimene chimapanikiza mapadi a buleki, tinali titauma ndi dzimbiri komanso mchenga wa kunyanja, ndiye buleki inkagwirabe ngakhale phazi litachoka, ndipo padi imodzi inali itatha kufika pachitsulo. Anatsuka timapinito, kupaka girisi wa mabuleki, n'kusintha mapadi mbali zonse ziwiri, chifukwa kusintha mbali imodzi ndiye kuyambitsa kukoka kwina poponda buleki.

Galimoto idakali m'mwamba anagwira tayala m'mbali n'kuligwedeza: likamachita khokhokho, tie rod end, mfundo yolumikiza chiwongolero ndi tayala, yatha. Kugwira pamwamba ndi pansi, ndiye ball joint, mfundo imene tayala limakhoterapo, kapena beringi. Zanga zinali zolimba. Zikanakanikabe akanasinthanitsa matayala awiri akutsogolo, chifukwa kukoka kukasamukira kumanja ndiye kuti vuto ndi tayala lenilenilo. Alaimenti, yomwe ndi kuwongola kaimidwe ka matayala, anati ibwere pomaliza: kuipanga zitsulo zikugwedera kapena mpweya usanalingane n'kungotaya ndalama, ngakhale ambirife timathamangira komweko.

Chambo ziwiri zikuluzikulu ndi chitenje ndinakapereka ndekha, nditagwada. Apongozi analandira. Koma mpaka lero akamakwera amakhala pakatikati penipeni pa mpando, kukonza chitenje chawo bwinobwino, kenako n'kufunsa mwana wawo mokweza kuti: "Tawafunsani adalaivala, apa yalingana?"