Lipoti la ulendo wa ku Songo: kuchoka ku Ulongwe kukakwera chitunda cha Maroeira

Anzathu a m'gulu amene munatsala, nali lipoti lomwe munapempha. Andisankha ine kulemba chifukwa ndinakwera mu galimoto ya Altezza ya alamu anga, yomwe inali yachiwiri pamzere, ndiye za kutsogolo ndi za kumbuyo zomwe ndinkaziona.

Tinanyamuka ku Ulongwe Loweruka kusanache, chisanu cha Julayi chikuluma zala. Panali Altezza, Subaru Impreza, ma Mark X awiri, ndi Hilux ya mekaniko wathu yonyamula jeke, matayala apadera, madzi ndi mafuta a buleki. Tisanachoke pa bomba, pothirira mafuta, mekaniko anayeza mpweya m'matayala onse akadali ozizira, natiletsa kudzauphwetsa tikafika kotentha. Mpweya umafufuma tayala likatentha, ndipo wouchepetsa masana amadzapeza m'mawa tayala lili lofwa. Mkulu wa gulu anaona yekha kuti galimoto iliyonse ili ndi matiriyangulo awiri, kolete (chovala chonyezimira), livrete (chikalata cha galimoto) ndi seguro (inshuwalansi). Malamulo ake anali omwe aja: palibe kupitana, woyendetsa sakhudza botolo, pamudzi ndi 60 monga lamulo linenera, ndipo Hilux ndiyo yotseka kumbuyo.

Msewu wa N304 wotsikira ku Mussacama timaudziwa tonse, sindichulutsa mawu. Nkhungu inali itagona m'madambo, minda ya mbatatesi ikuoneka mwa apo ndi apo, ndipo njinga za makala ndi ngolo za ng'ombe zinali zitatiyambira kale kulawira. Chosangalatsa n'kumva dziko likutsika pansi pako. Ulongwe ili pamwamba kupitirira mamita 1,200, pomwe mzinda wa Tete sufika ndi 200 omwe. Tinayamba titavala majuzi. Pofika pa Mussacama onse anali ataponyedwa kumpando wakumbuyo.

Pa N7 galimoto yothamanga ilibe ntchito. Ndi msewu wa mathiraki ochokera ku Beira opita ku Malawi kudzera pa Zobwe, ndipo umangotsatira utsi wawo moleza mtima. Podutsa pa Caphiridzange, pomwe thanki ya mafuta inaphulika mu Novembala 2016 n'kupha anthu ochuluka, alamu anazimitsa wailesi osanena kanthu. Kenako fumbi la malasha la ku Moatize, mtsinje wa Revúbuè, ndi Zambezi. Tinasankha kuwoloka pa mlatho wakale wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe uja wa 1973, m'malo mwa wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mzinda. Wa Kassuende ndi wabwino kwa wofulumira, koma pa wakalewo ndi pomwe umaona kukula kwa madzi. Mumzinda tinadya mbuzi yowotcha, ndipo kunena zoona, mbuzi ya ku Tete siitchuka pachabe. Achinyamata athu anayesa kutsitsa mtengo m'Chinyungwe chothyokathyoka, mayi wogulitsa n'kuwayankha m'Chichewa chabwinobwino.

Pa Matambo tinapatukira kumanja, kulowa N301. Kuno dziko ndi lina: milambe, mitsanya, miyala, mitsinje youma ya mchenga wokhawokha, ndi ana ogulitsa masau ndi malambe m'mbali mwa msewu. Malo owongoka ndi ambiri, ndipo ndi pomwe phazi limayabwa. Titaima ku Marara, mnyamata wa Subaru anapempha kuti atsogole pang'ono, galimoto "ipume". Mkulu wa gulu anangomulozera mbuzi zomwe zinkawoloka msewu mosatekeseka.

"Mphwanga, zimenezi n'za eni ake, ndipo kumbuyo kwa mbuzi kumabwera mwana. Sunga mphamvuzo, phiri likubwera."

Mnyamatayo anayankha kuti, "Ndamva, achimwene," koma nkhope inali itagwa. Ine ndili kumbali ya mkuluyo. Kuponda mafuta pamsewu wowongoka aliyense angathe, ngakhale amene watenga karita yoyendetsera galimoto dzulo.

Tikudutsa pamphambano pomwe njira ya ku Chitima ndi Mágoè imapatukira, mapiri anayamba kutiyandikira, ndipo pa Maroeira msewu unayamba kukwera. Apa ndi pomwe tinadzera. Msewu umakwawa m'mbali mwa phiri, uku thanthwe, uku phompho, makona otsatizana, ena obwerera m'mbuyo mwakuti ukasuzumira pansi umaona denga la galimoto yomwe ikukutsatira. Mkulu analamula kuti tisiyane mtunda, aliyense akhale kumanzere kwake, ndipo pakona yobisika hutala ilire.

Altezza ya alamu ndi RS200, ya magiya asanu ndi limodzi osintha ndi dzanja, yokoka ndi matayala akumbuyo. Injini yake ndi 3S-GE ya malita 2, imene Toyota inapanga mothandizana ndi Yamaha, ndipo mphamvu zake zonse, mahatchi 210, imazitulutsa singano ya kuzungulira kwa injini ikafika pa 7,600. Pansipansi ndi yaulesi. Ku Ulongwe anthu amaiseka kuti imangolira osayenda. Paphiri m'pamene ndinaimvetsa. Alamu anaisunga mu giya yachiwiri ndi yachitatu, osailola kugona. Kona ikamayandikira amaponda buleki galimoto ikadali yowongoka, n'kutsitsa giya akukankha mafuta pang'ono kuti injini ilandire giyayo mosagwedeza, kenako n'kusiya buleki, kupinda chiwongolero kamodzi kokha mosalala, maso ali kale komwe kona ikuthera. Mafuta amawabwezera pang'onopang'ono chiwongolero chikamawongoka. Umamva galimoto ikukhala pansi kumbuyo, ikukukankha pamsana, phokoso la injini likubwerera kuchokera kuthanthwe.

Ndinasuzumira pa sipidi: nthawi zambiri sitinkapitirira 50 kapena 60. Komabe mtima unkagunda kuposa mmene umachitira pa 120 pamsewu wowongoka. Ndinawafunsa chifukwa chake sadula kona pomwe kutsogolo kukuoneka kopanda kanthu.

"Alamu, kona yodula ndi ya pa bwalo la mpikisano. Kuno mzere wapakatiwo ndi khoma. Mukudziwa bwanji kuti chapa sikutsika?"

Sipanapite nthawi, chapa, minibasi yonyamula anthu, yodzaza mpaka pakhomo inatulukira pakona itadya theka la mbali yathu. Tinadutsana bwinobwino chifukwa malo analipo.

Magalimoto enawo anakwera mosiyana. Subaru, pokhala ndi turbo ndiponso yokoka ndi matayala onse anayi, imatuluka pakona ngati mwala wa pa legeni, ndipo mnyamata uja anafika pamwamba mano onse ali pamtunda. Koma mekaniko anamuuza kuti ankalowa m'makona mothamanga kwambiri, mphuno ya galimoto n'kumakana kukhota, matayala akutsogolo akulira. Kukoka ndi matayala anayi kumathandiza potuluka. Poima ndi pokhota, Subaru ili ndi matayala anayi omwewo ngati ina iliyonse. Ma Mark X ali ndi V6 yamphamvu, koma ndi olemera, ndipo giya ya otomatiki ukaisiya pa D imakwera yokha giya pamalo pomwe ukufuna itsike. Mmodzi anaisintha ndi dzanja n'kusangalala. Winayo anaisiya choncho, n'kufika akunena kuti phirilo n'lotopetsa.

Ku Songo kunatilandira kamphepo kofanana ndi kakwathu, mitengo yobiriwira ndi misewu yaukhondo. Tauniyi inakula chifukwa cha damu la Cahora Bassa, ndipo chilolezo chokaona damulo tinali titapempha kale tisananyamuke. Amene mudzapite panokha muchite chimodzimodzi. Njira yotsikira kukhoma nayo ndi yokhotakhota, koma pamenepo palibe amene ankaganiza za magiya. Khomalo ndi lalitali mamita 171, lotsekereza Zambezi pampata wa mapiri, ndipo linamangidwa kuyambira 1969 mpaka 1974. Makina asanu opukusa magetsi, aliwonse a mamegawati 415, ali m'phanga losemedwa m'kati mwa phiri. Mekaniko wathu, munthu wokonda injini kuposa nsima, anaima kukamwa kuli yasa. Gawo lalikulu la magetsiwo limayenda pa mawaya mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Mkulu wa gulu anatikumbutsa za 27 Novembala 2007, tsiku lomwe damuli linachoka m'manja mwa Portugal kubwera m'manja mwa Mozambique. Anati anamvera mwambowo pa wailesi ali ku Domwe. Madzulo tinadya pende ndi nsima, tikukambirana za kapenta, kansomba kochokera ku nyanja ya Tanganyika kamene kanaikidwa ku Kariba n'kutsika ndi mtsinje kudzakhazikika kuno, komwe asodzi amakagwira usiku ndi nyali.

Kutsika Lamulungu m'mawa kunali nkhani ina. Mekaniko anachenjeza aliyense kuti atsike ndi giya yomwe anakwerera, injini igwire galimoto, buleki ikhale yongothandizira: kuponda mwamphamvu pang'ono, kusiya, kuti izizire. Tisanafike pansi tinamva fungo la chinthu chopserera, ndipo Mark X ya pa D ija inayatsa magetsi angozi n'kuima pamalo otakasuka. Mwini wake anatuluka thukuta lili kamukamu, akuti buleki yafewa, ikulowa mpaka pansi. Anali atatsika phazi lili pa buleki njira yonse. Mapadi anatentha, kutenthako kunafika kumafuta a buleki, ndipo mafutawo anali akale. Mafuta a buleki amamwa chinyezi akamakalamba, ndiye amawira msanga. Akawira mumalowa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika m'malo mokankha mapadi. Wina anathamangira chigubu cha madzi kuti athire pa madisiki, mekaniko n'kumugwira dzanja.

"Ayi bambo, mupinditsa chitsulo. Chizizire chokha."

Tinakhala pamthunzi tikudya masau mpaka mawilo atazizira, mekaniko anachotsa mafuta akalewo n'kuthira atsopano, ndipo galimotoyo inatsika kotsalako ili mu giya yachiwiri, Hilux ili patsogolo pake. Tinafika ku Ulongwe kutada, tonse amoyo, magalimoto onse akuyenda okha.

Tili pa Mussacama pobwerera tinagwirizana ziwiri zoti zibwere ku msonkhano wa mwezi uno. Choyamba, galimoto iliyonse yofuna kupita ulendo wa gulu izisinthidwa mafuta a buleki ngati apitirira zaka ziwiri, ndipo mekaniko aziona mapadi sabata imodzi ulendo usanachitike. Chachiwiri ndi komwe tipite ulendo wotsatira. Ena akufuna ku Furancungo, ena ku Tsangano kukaona minda ya tirigu, koma eni Altezza ndi ma Mark X akudandaula kuti magalimoto awo ndi ofupika, sangapirire njira za fumbi ndi miyala. Mnyamata wa Subaru akuti tibwerere ku Songo komweko mvula isanayambe. Bwerani ndi maganizo anu, ndiponso amene simunamalize chopereka cha mafuta a Hilux mubwere nacho.