Kuyeza mlingo wa cheza pa chithandizo cha FLASH

Pa zonse zimene ndaphunzira teremu ino mu fizikisi ya zachipatala, mutu umene wandiganizitsa kwambiri ndi kayezedwe ka mlingo wa cheza pa chithandizo cha khansa chotchedwa FLASH. Pa radiotherapy (chithandizo cha cheza) ya masiku onse wodwala amalandira ma Gy (gray, muyeso wa mlingo wa cheza) ochepa chabe pa mphindi imodzi, pomwe pa FLASH cheza chimaperekedwa pa liwiro loposa ma Gy 40 pa sekondi. Mu 2014 Vincent Favaudon ndi anzake a ku Institut Curie ku France anaonetsa pa mbewa kuti cheza chikaperekedwa mwachangu chotero, chotupa chimawonongeka monga mwa nthawi zonse koma mapapo savulala kwambiri. Mu 2018 madokotala a ku Lausanne ku Switzerland anapereka ma Gy 15 m'mamilisekondi 90 okha kwa wodwala khansa ya pakhungu.

Vuto lagona pa chida chimene zipatala zakhala zikuchidalira kwa zaka zambiri, ionisation chamber. Ndi kachipinda kakang'ono ka mpweya, ndipo cheza chikadutsamo chimagawa mpweyawo kukhala ma ion (tizidutswa tokhala ndi chaji ya magetsi), amene mphamvu ya magetsi imawakokera mbali ziwiri kuti awerengedwe. Makina a ma elekitironi satulutsa cheza mosalekeza ayi, amachitulutsa mothwanima, ndipo pa FLASH kuthwanima kumodzi kwa maikulosekondi imodzi kapena ochepa kumatha kunyamula mlingo woposa Gy imodzi. Ma ion amachuluka kwambiri m'kachipindako moti ambiri amaphatikizananso asanafike powerengera, choncho chida chimaonetsa mlingo wochepa kuposa umene waperekedwa, ndipo masamu okonzera zimenezi amene J. W. Boag anakhazikitsa mu 1950 sakwanira. Choopsa chake n'chakuti wokhulupirira chiwerengerocho akhoza kumuwonjezera wodwala cheza poganiza kuti chaperewera.

Njira zina zilipo, koma iliyonse ili ndi popereweredza pake. Filimu yosintha mtundu ikalandira cheza ndiponso timapiritsi ta alanine sizisokonezeka ndi liwiro, kungoti zotsatira zake zimawerengedwa pambuyo pake, chithandizo chitatha kale. Calorimeter imayeza kutentha kumene cheza chasiya, koma Gy imodzi imatenthetsa madzi ndi pafupifupi madigiri 0.00024 okha, motero ntchitoyi imafuna ukatswiri wa malabotale monga NPL ku Britain ndi PTB ku Germany. PTB ndiyo inatsogolera polojekiti ya UHDpulse, yofufuza kayezedwe ka cheza chothwanima mwamphamvu chotere, kuyambira 2019, ndipo m'nyengo imeneyo akatswiri anayesa zida za diamondi komanso ma chamber opyapyala a mpata wa mamilimita 0.25, mmene ma ion amafika msanga asanaphatikizane.

Kwa ine, nkhani yaikulu ili pa kuzimitsa makina. Pa radiotherapy wamba makina amathwanima kambirimbiri, ndipo chida choyang'anira chimawaimitsa mlingo ukangokwana, moti kuthwanima kumodzi kowonjezera sikusintha kanthu. Wodwala wa ku Lausanne uja analandira mlingo wake wonse m'kuthwanima 10 kokha, kutanthauza kuti kumodzi kukadapitirira, mlingo ukadakwera ndi 10 peresenti, pomwe akatswiri akhala akulangiza kwa nthawi yaitali kuti kulakwa kusapose 5 peresenti. Palibe munthu amene angadine batani m'mamilisekondi 10 a pakati pa kuthwanima kumodzi ndi kotsatira, kotero chitetezo cha wodwala chimadalira kuti makinawo aziwerenga okha kuthwanima kulikonse molondola.

Ndaonanso kuti kulemba mlingo wonse pawokha sikokwanira. Popeza chimene chimateteza minofu yabwinobwino pa FLASH chikufufuzidwabe, wofufuza aliyense ayenera kulemba mlingo wa kuthwanima kumodzi, kutalika kwake, mpata wa pakati pake ndi nthawi yonse ya chithandizo, apo ayi zotsatira za ku Lausanne sizingayerekezedwe ndi za ku Cincinnati ku America, kumene kafukufuku wa FAST-01 anagwiritsa ntchito cheza cha ma proton, osati ma elekitironi, pa odwala 10 amene khansa yawo inafalikira m'mafupa.