Ambulera yothyoka ndi kope langa la manambala

Kwa zaka 7 ndinkagona m'mphepete mwenimweni mwa bedi langa, mwendo umodzi uli lende. Mbali ya kukhoma kunali mulu wa zovala, nyuzipepala, makope a sukulu a mwana wanga amene pano ndi bambo wa ana awiri, ndiponso mawailesi awiri akufa omwe ndinkati tsiku lina ndidzakonzetsa. Kuchoka pakhomo kufika pabedi panali kanjira kokwana phazi limodzi. Zenera sindinkatsegula chifukwa makatoni anali atalitseka. Munthu akagogoda, ndinkatuluka msanga n'kukoka chitseko kumbuyo kwanga, n'kumacheza naye panja ngakhale kukuzizira.

Chaka china ndinagonekedwa m'chipatala masiku 9. Mng'ono wanga ndi mwana wanga anapangana zondichitira chifundo. Anabwereka galimoto, natuta zonse, nakolopa, napachika makatani atsopano. Tsiku lotuluka, mng'ono wanga ananditsegulira chitseko akumwetulira, amvekere: "Achemwali, taonani mmene mwayereramu. Tsopano muzipuma mpweya wabwino." Ine miyendo inangozizira. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati ndamva uthenga wa maliro. Ndinatha miyezi itatu osawayankhula. Chaka chisanathe chipindacho chinali chitadzazanso kuposa kale, ndipo pachitseko ndinaikapo loko watsopano amene kiyi wake ndinkayenda naye m'khosi.

Ndayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa achibale ambiri amaganiza kuti vuto ndi katunduyo, ndiye akamuchotsa basi zatha. Katunduyo anachoka, koma ine ndinatsala mmene ndinalili, ndipo ndinawonjezerapo mantha akuti anthu a m'nyumba mwanga momwe angandibere ndikangotembenuka. Akatswiri amene akhala akufufuza vuto lounjika katunduli amanena zomwezo: kuyeretsa mokakamiza, mwiniwake asanavomere, kawirikawiri kumathera poti nyumba yadzazanso ndipo chibale chasokonekera.

Ndinadziwa mochedwa kuti zimene ndinkachitazi zili ndi dzina. Pachingerezi amati hoarding disorder, ine ndimangoti matenda ounjika katundu. Mu 2013 bungwe la American Psychiatric Association linawaika paokha m'buku lawo la matenda a maganizo lotchedwa DSM-5, pomwe kale ankangowaona ngati nthambi ya OCD, matenda ochititsa munthu kubwerezabwereza maganizo ndi zochita zina osatha kudziletsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalo linawalemba m'buku lake la matenda lotchedwa ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022. Kafukufuku amasonyeza kuti mwa anthu 100 alionse, awiri kapena atatu ali nawo, ndipo nthawi zambiri amayamba munthu ali ndi zaka zapakati pa 11 ndi 15, n'kumakula naye pang'onopang'ono. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira kabokosi kanga ka zolembera zotha inki kamene ndinkabisa pansi pa matiresi ndili ndi zaka 13. Sindinali waulesi kapena wauve monga ndinkadzitchulira usiku. Ndinkadwala kuyambira kalekale, osadziwa.

Chinthu choyamba chimene chinanditsegula maso chinali zithunzi. Pali chida chotchedwa Clutter Image Rating, chimene anakonza akatswiri a vutoli, Randy Frost, Gail Steketee ndi anzawo, ndipo chimapezeka kwaulere pa intaneti. Ndi zithunzi 9 za chipinda chimodzimodzi, choyamba chili mbee, chomaliza katundu atafika pafupi ndi denga, ndipo zilipo za kuchipinda, pabalaza ndi kukhitchini. Umasankha chimene chikufanana ndi kwanu. Mwana wanga anandipatsa foni yake tili pakhonde, ine ndinaloza nambala 4. Iye anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Amayi, musakhumudwe, koma ine ndikuona 7." Tinalowa limodzi, foni ili m'manja, ndipo ndinayang'ana chipinda changa ngati mlendo. Inalidi 7. Maso anga anali atazolowera moti mulu wonsewo ndinkauona ngati khoma chabe. Ndinamvanso kuti kuyambira pa 4 pomwepo, munthu amafunika kale thandizo.

Kenako ndinapeza buku la Buried in Treasures, limene analemba David Tolin, Randy Frost ndi Gail Steketee, lotuluka koyamba mu 2007. Ndi buku lochitira ntchito, lokhala ndi mafunso ndi malo olembamo, ndipo munthu angathe kuyamba nalo yekha. Chimene linandithandiza kwambiri n'kugawa vuto langa. Ine ndinkangoona chimtolo chimodzi chachikulu chamanyazi, koma mkati mwake munali zinthu zosiyana. Ndinkalephera kudutsa chinthu chaulere kapena chotchipa osachitola. Ndinkalephera kutaya chifukwa chilichonse chinali ndi nkhani yake kapena ntchito imene chingadzagwire. Ndipo, chimene sindinkachidziwa n'komwe, ndinkaopa kusankha. Ndikatola envelopu, ndinkaganiza malo asanu amene ingakhale, mutu n'kutentha, n'kuibwezera pamulu pomwepo, mwina kungoisuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja. Ndinkatha tsiku lathunthu "ndikukonza m'nyumba", madzulo palibe ngakhale kapepala kamene katuluka.

Ndekha ndinangofika pamenepo. Kumvetsa kunalipo, koma dzanja linkakanabe. Ndiye ndinafunafuna katswiri wa zamaganizo amene amadziwa CBT, njira yothandiza munthu kuona mmene maganizo ake, mantha ake ndi zochita zake zimakokerana. Apa ndikuchenjezeni: si mlangizi aliyense amene amadziwa za kuunjika katundu. Woyamba amene ndinakumana naye anali munthu wabwino, tinkakambirana za ubwana wanga, ndinkatuluka mtima utapepuka, koma makatoni anali pomwepo. Wachiwiri ndinamufunsa tsiku loyamba lomwe ngati tidzagwire katundu weniweni. Anati inde, ndipo sabata yamawa ndibwere ndi thumba la zinthu zochokera pamulu, ndisasankhe, ndingotapa. Ndondomeko imene Steketee ndi Frost analemba imakhala ndi maulendo pafupifupi 26, ena mwa iwo katswiriyo akubwera kunyumba kwa wodwalayo. Ife sitinakwanitse onsewo, ndipo m'malo mobwera kunyumba ankandiimbira pa vidiyo ine n'kumamuzunguliritsa m'chipinda ndi foni, koma mutu wake unali womwewo.

M'thumba loyambalo munali ambulera yakuda, nthiti zitatu zothyoka, nsalu yake itang'ambika chapamwamba. Ndinali nayo zaka zoposa 10. Anandifunsa kuti ndikaitaya ndimva kupweteka kochuluka bwanji, kuyambira 0 mpaka 10, ndipo kupwetekako kutha nthawi yaitali bwanji. Ndinati 9, ndipo sindigona sabata yonse. Anati ndilembe m'kope. Sanandiuze kuti nditaye. Anangofunsa kuti ndinaifunda liti komaliza, ndili ndi ina yabwino kapena ayi, ndi ndani kwenikweni amene ndinkati adzaikonza, ndipo ndinapitako kangati. Ndinayankha zonse ndikunjenjemera. Chimene chinatuluka pamapeto n'chakuti ndinkaona ngati kuitaya n'kuvomera kuti ndine munthu wowononga, wosasamala zinthu, ndipo tsiku limene mvula idzandipeze ndilibe ambulera lidzakhala chilango changa.

Ndinaiponya ndekha m'bini ya panja pa ofesi yake. Thukuta linatuluka m'manja, pakhosi panauma, ndipo ndinkafuna kuthamanga kukaitola. Tinakhala pansi osayankhula zambiri. Patatha mphindi 10 anandifunsanso nambala, ndinati 8. Patatha mphindi 30 ndinati 5. Usiku umenewo ndinagona. M'mawa ndinalemba 2, ndipo pofika Lachisanu ndinachita kutsegula kope kuti ndikumbukire chimene ndinataya.

Kope limenelo ndi limene landichiritsa kuposa china chilichonse, ngati mawu akuti kuchira ndingawagwiritse ntchito. Tsamba lililonse lili ndi mizere itatu: chinthucho, nambala imene ndinkaopa, ndi nambala imene ndinamva mawa lake. Pano muli zinthu zoposa 400, ndipo n'zitatu zokha zimene ndinadzazifunadi pambuyo pake. Chimodzi chinali chingwe cha chaja, ndinabwereka. Mantha anga ankandinamiza nthawi zonse mofanana, ndipo ndinasiya kuwakhulupirira pokhapokha nditaona bodzalo litalembedwa ndi dzanja langa, tsamba ndi tsamba. Munthu wina akanandiuza, ndikanakana.

Kutaya kokha sikukanakwanira madzi akulowabe m'bwato. Tinayeseranso kusatola. Poyamba ndinkangodutsa pafupi ndi malo ogulitsa zinthu zakale osaima. Kenako kuima n'kuyang'ana manja ali m'thumba. Pomaliza kunyamula chinthu, kuchitembenuza, kuchikonda, n'kuchibwezera pomwe chinali. Zimenezi zinandivuta kuposa kutaya, ndipo mpaka lero ndikakhala wokhumudwa mapazi amafuna kundikokera komweko.

Za magulu ndinene mwachidule. Pali magulu amene amawerengera limodzi buku lija mutu ndi mutu, otsogoleredwa ndi anthu amene nawonso anadutsamo, ndipo ena amakumana pa intaneti. Pali Clutterers Anonymous, imene inayamba mu 1989 ndipo imatsatira masitepe 12 ngati a anthu osiya mowa. Bungwe la International OCD Foundation lili ndi tsamba lapadera la vutoli, lokhala ndi zowerenga za odwala ndi za achibale. Ine chimene ndinapindula nacho kwambiri ndi mayi wina wa m'gulu limene ndinalowa, amene timaimbirana pa vidiyo kawiri pa sabata. Timatchera mphindi 20, aliyense n'kumasankhula mulu wake, osayankhulana kwenikweni. Kungodziwa kuti wina akundiona kumandiletsa kubwezera envelopu pamulu. Sanandionepo maso ndi maso, koma ndi munthu woyamba amene ndinamuonetsa kuseri kwa chitseko popanda kupepesa.

Ngati simunakonzeke kutaya kalikonse, pali zina zimene siziyenera kudikira. Ku New York mu 1947, abale awiri, Homer ndi Langley Collyer, anapezeka atafa m'nyumba mwawo ku Harlem. Langley anapsinjidwa ndi katundu wake yemwe, ndipo Homer, amene anali wakhungu ndipo ankadalira m'bale wakeyo, anamwalira patapita masiku. M'nyumbamo anatulutsamo katundu woposa matani 100. Nkhaniyi inandiopsa, ndipo ndi imene inandichititsa kuvomera zinthu zitatu ndisanayambe n'komwe chithandizo: chitseko chizitseguka chonse, pafupi ndi moto ndi mawaya amagetsi pasakhale pepala kapena nsalu, ndipo mulu uliwonse usapitirire m'chiuno mwanga. Sindinataye kanthu tsiku limenelo, ndinangosuntha, koma ndinagona m'nyumba imene ndikanatha kuthawamo.

Sindikufuna kukulonjezani zimene sizilipo. Palibe piritsi limene linavomerezedwa kuti ndi la matenda amenewa, ngakhale kuti mankhwala a matenda ovutika maganizo, amene ambiri a ife timakhalanso nawo, anandipatsa mphamvu zodzuka n'kuyamba. Ndipo kafukufuku wa CBT amasonyeza kuti ambiri amasintha ndithu, koma amene amafika poti vutolo latheratu sakwana theka. Ine ndili pa chithunzi nambala 3 tsopano, patatha zaka ziwiri ndi theka. Mwezi umene mwana wanga anadwala ndinabwerera pa 4, ndipo ndinachita manyazi kuuza gulu, koma ndinawauza.

Mng'ono wanga tinagwirizananso. Ndinamupempha kuti awerenge zigawo za achibale m'buku lija, ndipo tinapangana lamulo limodzi: akabwera, sagwira chinthu changa ndisanamuuze. Amakhala pampando, amene tsopano ndi wokhalapo anthu, manja ali pamiyendo, ine n'kumasankha. Nthawi zina ndimamuona akudziletsa, milomo ikugwedera, koma amapirira.

Chatsala ndi sutikesi ya malemu amayi athu, ili pamwamba pa kabati. Muli madiresi awo, mpango wobiriwira, magalasi ndi makalata. M'kope ndinalemba kale nambala yake, ndi 10, ndipo mzere wachitatu udakali wopanda kanthu. Loweruka lapitali tinaitsitsa, ndinatsegula, fungo lawo linatuluka, tonse awiri tinalira. Mng'ono wanga anafunsa motsitsa mawu: "Achemwali, mpangowu mungandipatse?" Ndinaugwira nthawi yaitali, kenako ndinamupatsa. Zotsalazo tinatsekeranso n'kubwezera pakabati, ndipo tapangana kuti tidzaitsitsanso mwezi wamawa.