Avale buku?

Lachinayi usiku. Mvula yakata koma tulo sitikubwera, ndiye bola ndilembe.

Madzulo ano mwana wa achemwali anabwera ndi kapepala kochokera ku Sande sukulu. Chaka chino amupatsa malo a mngelo pa sewero la Khirisimasi, mngelo uja amaonekera abusa a nkhosa kubusa usiku. Anaima pakhonde, kapepala kali m'manja, n'kulankhula mawu ake onse osaphonya ngakhale amodzi. Amayi mpaka anaimba nthungululu. Kapepalako kanalinso ndi mawu a anzake, a Yosefe, a Herode, a anzeru akum'mawa, ndiye ine ndinangoloza pa mzere wa Herode n'kuti, "Tawerenga apa." Zii. Anayamba kutchula pang'onopang'ono, "m... fu... mu," kenako misozi lengelenge, n'kuthawira kuseri kwa khitchini.

Ali Sitandade 4. Chaka chamawa akalowa Sitandade 5 maphunziro ena onse adzakhala m'Chingerezi, pamene Chichewa chomwechi, chimene amayankhula tsiku lonse, chikumukanika papepala.

Amayi anali akusankha mpunga m'lichero, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Wamulizira chiyani mwana?"

"Amayi, mwanayu satha kuwerenga. Wangoloweza."

"Nanga kuloweza si nzeru? Ine Salimo 23 ndimainena yonse, sukulu ndinalekezera Sitandade 2."

Ndinawauza kuti Loweruka tikagawana ndalama za banki mkhonde, gawo lomwe ndimamugulira diresi chaka chilichonse ndikagulira mabuku a nthano ku Limbe, tiziwerenga naye madzulo tchuthi chonsechi. Apo ndi pamene anaika lichero pansi.

"Ndiye pa 25 anzake atatchena, iyeyo avale buku?"

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kukwiya. Mpaka pano mawu amenewa akungondizungulira m'mutu, chifukwa Amayi sakunama. Kuno Khirisimasi ya mwana timaidziwa tonse: kadiresi ka pa kaunjika ku Chitakale kapena ku Limbuli, mpunga wa nkhuku, botolo la Fanta lakelake losagawana ndi munthu, kenako kuyenda mumsewu m'kagulu n'kumauza aliyense wamkulu kuti "Khirisimasi bokosi." Mwana amene watuluka ndi zovala zakale tsiku limenelo anzake amamuseka mpaka sukulu kutsegulira. Ndinakhalapo mwana, zimenezo sindinaiwale.

Koma ndinawakumbutsa Amayi za malemu Bambo. Usiku wa pa 24 ankatikhazika pamphasa, koloboyi ali pa mpando, n'kutsegula Luka mutu 2. Chala chawo chinkayenda pansi pa mawu, ndipo ine ndinkakhala mbali ya kudzanja lamanja kuti ndizichitsatira. Akafika pakati ankasiya dala n'kuti, "Pitiriza iwe." Zilembo zambiri ndinazidziwira pamenepo ndisanazimvetse kusukulu. Amayi anangoti, "Bambo ako anali ndi nthawi." Basi, n'kutenganso lichero.

Nthawi. Achemwali miyezi ino sitimawaona masana. Mvula ikangoyamba tiyi amaphuka kwambiri, ndiye amalawirira kukatchola dengu lili kumsana, malipiro n'kumatengera makilogalamu. Pobwera amakhala atanyowa, msana ukuwawa, akangodya n'kugona. Alamu ali ku Johannesburg, za kubwera chaka chino sakuzitchula. Kusukulu nako, chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 ana amadzaza m'kalasi mpaka pakhomo, ndipo mwana wochenjera ngati uyu amangotsatira pakamwa pa anzake akamawerenga mokweza, mphunzitsi osadziwa kanthu. Mabuku amatsala komweko m'kabati. M'nyumba muno ndinayang'ana bwinobwino lero: Baibulo, buku la nyimbo, kalendala ya kutchalitchi, timabuku ta kuchipatala. Zina zowerenga ndi zolemba za pa thumba la feteleza.

Mwinanso ndi Disembala amene wandikwiyitsa, osati Amayi. Mwezi uno chilichonse chimafuna ndalama nthawi imodzi. Chimanga chamera, chikufuna feteleza. Nkhuku imene tinkasungira Khirisimasi yayamba kukhalira mazira, ndiye Amayi akuti isaphedwe, tigule ina. Nanazi ndi mango zokha ndi zimene zatchipa, zili mbwee m'mbali mwa msewu, ntchentche nazo zili pomwepo. Ngakhale phiri lero silinaoneke tsiku lonse, mitambo yokhayokha kuyambira ku Likhubula.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mwanayu anabwera akunyadira. Pa 25 adzaima kutsogolo kwa mpingo wonse, adzalankhula bwino, azimayi adzamuponyera ndalama, aliyense adzati mwana wanzeru. Ndipo ndi wanzerudi, mawu onse aja anawagwira atangowamva kwa aphunzitsi ake. Nditamupeza kuseri kuja ndinamufunsa ngati angakonde kuti tiziwerengera limodzi mawu a Herode mpaka awadziwe. Anati, "Amayi aang'ono, Herode ndi woipa, ine sindimufuna." Nanga a Yosefe? Anagwedeza phewa. Sanavomere, sanakanenso.

Achemwali sindinawauze. Amayi andiletsa, akuti munthu wotopa osamuwonjezera nkhawa nyengo ya chisangalalo, nkhaniyi idikire Januwale. Ine ndikuona kuti Januwale ndi kutali, tchuthi chidzakhala chitatha. Ndawerengetsera kangapo pa foni: diresi, nsapato, mabuku, thiransipoti ya ku Limbe yomwe imakwera Khirisimasi ikayandikira. Sizikukwana, pokhapokha nsapato zichoke.

Ndiye popita kukagona Amayi anaima pakhomo n'kuwonjezera kuti mngelo amafunika nsalu yoyera, ndipo ku Sande sukulu anena kuti kholo lililonse lipeze lokha. Imeneyonso akuti ichokera pa ndalama ya Loweruka yomweyo.