Sabata imodzi ya womasulira chinenero cha manja

Lolemba ntchito inali kuchipatala, ku sikelo ya amayi oyembekezera. Mayi wina wosamva, wa pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, anafika 7 koloko koma analowa kwa namwino cha m'ma 11. Dzina lake linaitanidwa kawiri, pakamwa, iye ali chikhalire pabenchi. Atalowa, zinadziwika kuti mapiritsi oonjezera magazi anasiya kumwa milungu itatu yapitayo chifukwa chimbudzi chake chinayamba kuda, ndipo anaopa kuti mwana akuwonongeka m'mimba. Mapiritsi amenewa amadetsadi chimbudzi, ndipo si vuto. Namwino anati, "Komatu ndinawauza mwezi watha, anagwedeza mutu."

Mawu amenewo omasulira timakumana nawo pafupifupi tsiku lililonse. Munthu wosamva amene wakula pakati pa anthu akumva amaphunzira msanga kuti akagwedeza mutu nkhope ya mnzakeyo imamasuka ndipo nkhani imatha. Kugwedezako nthawi zambiri kumangotanthauza kuti "ndikukuonani mukulankhula". Njira yotsimikizira ndi kumupempha kuti abwereze yekha: mapiritsi angati, nthawi yanji, masiku angati. Pakasowa womasulira, kujambula dzuwa ndi mwezi pakapepala ka mankhwala n'kulemba 1 kapena 2 pansi pake kumathandiza kuposa kukuwa. Chichewa chathu nachonso chimatisokoneza. Mawu oti kumva timawagwiritsa ntchito pa khutu, pa kuzindikira ndi pa kumvera. Mwana wamwano timati wosamva. N'chifukwa chake ena, mosazindikira, amaona wogontha ngati wamakani kapena wochepa nzeru.

Namwinoyo ankakhulupirira kuti mayiyo amawerenga milomo. Ambiri amaganiza kuti wosamva aliyense amatero. Yesani nokha pagalasi, osatulutsa mawu: pala, phala, bala. Milomo imachita chimodzimodzi. Kula ndi gula amapangikira kukhosi, kumene diso silifika. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amasiyana pa kakwezedwe ka mawu kokha, ndipo kameneko sikaoneka. Wowerenga milomo amatola zidutswa, zotsalazo n'kumangoganizira. Wolankhulayo akakhala ndi ndevu zambiri, akamatafuna chingamu, akayang'ana m'buku, kapena akavala masiki ngati mmene zinalili mu 2020 ndi 2021, ngakhale zidutswazo zimasowa. Kukuwa kumapotoza milomo, ndipo nkhope imaoneka ngati ya munthu wolusa.

Tinasinthanso kakhalidwe m'chipindamo. Womasulira amakhala pambali pa namwino, moyang'anizana ndi wodwala, kuti maso a wodwalayo agwire onse awiri. Zenera lisakhale kumbuyo kwa womasulira, apo ayi nkhope imasanduka chithunzithunzi, pamene funso, kukana ndi kukayika m'chinenero cha manja zimaonekera pa nsidze ndi pakamwa. Namwino aleke zoti "muwafunse ngati akumva kupweteka", alankhule ndi mwini wake: "Amayi, mukumva kupweteka pati?" Apongozi amene anamuperekeza tinawapempha kuti adikire panja. Anali okoma mtima, koma zotsatira za magazi si zodutsira m'manja mwa apongozi.

Lachiwiri kunali kupolisi. Mnyamata wa zaka pafupifupi 20 anagwidwa pamsika pa nkhani ya foni yobedwa. Chimene chinamuipitsira n'choti anthu atamukuwira kumbuyo sanaime. Sitetimenti inali italembedwa kale, chala chadindidwa, ndipo inkati wavomera. Anavomera bwanji? Anagwedeza mutu. Tinamupeza atamangidwa unyolo manja kumbuyo, zomwe kwa munthu wolankhula ndi manja n'chimodzimodzi kumutseka pakamwa ndi nsanza. Unyolo ukakhala wofunika, manja akhale kutsogolo, ndipo pofunsidwa mafunso amasulidwe.

Apa panatuluka vuto lina. Mnyamatayo sanapiteko kusukulu ya osamva monga Mua ku Dedza, Maryview ku Chiradzulu kapena Embangweni ku Mzimba, choncho chinenero cha manja cha ku Malawi sachidziwa. Ali ndi zizindikiro zapakhomo zomwe anapanga ndi amayi ake ndi abale ake: nsima, madzi, agogo, kumunda, ndalama. Womasulira wakumva akayerekeza kuti akumumvetsa munthu wotereyu amalakwitsa kwambiri. Zikatero timaitana munthu wosamva wodziwa bwino chinenerocho kuti akhale pakati. Iye amakambirana ndi mnyamatayo ndi zizindikiro, zojambula ndi kuchita zinthu ngati sewero, kenako amapereka kwa womasulira, womasulira n'kupereka kwa wapolisi. Nkhani ya mphindi 20 inatenga maola atatu. Wapolisi wina anafunsa chifukwa chake sitikungomulembera papepala. Mnyamatayo sadziwa kuwerenga, koma ngakhale kwa amene anaphunzira, Chichewa ndi Chingerezi ndi zinenero zomwe sanazimvepo ndi khutu. Ena amalemba bwino zedi, ena chiganizo chachitali cha zamalamulo chimawasocheretsa, ndipo kasanjidwe ka mawu awo olemba kamatsata chinenero cha manja. Wowerenga wosadziwa amati munthuyo mutu sukuyenda.

Lachitatu linali tsiku la makolo amene ana awo analandira timakina tothandiza kumva. Bambo wina anabweza kamakina ka mwana wake akuti n'kakufa, pakuti patha miyezi iwiri mwana sakulankhulabe. Kamakinaka kamangokweza mawu, sikachiza khutu. Kamakwezanso phokoso la chigayo, la njinga zamoto ndi la mvula padenga la malata. Mwana amene sanamvepo mawu amafunika nthawi yaitali yophunzitsidwa kuti phokosolo lisanduke mawu, ndipo kwa ena ogontha kwambiri kulankhula sikubwera n'komwe. Pa timakina tomwe tinabwezedwa tsikulo, tambiri tinali ndi matenda ang'onoang'ono. Batire, kawirikawiri ya nambala 13 kapena 675, imatha pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ukamatula kapepala kake uyenera kudikira mphindi imodzi kuti mpweya ulowe usanaiike. Kachubu kamatsekeka ndi phula la m'khutu kapena thukuta. Kachidutswa kolowa m'khutu kamachepa mwana akamakula, mawu amathawira m'mbali, kamakina n'kuyamba kuliza likhweru limene aliyense m'nyumba akulimva kupatula mwini wake.

Mayi wina anafunsa ngati kuphunzitsa mwana manja sikumulepheretsa kulankhula. Mantha amenewa ndi akale. Msonkhano wa aphunzitsi ku Milan m'dziko la Italy mu 1880 unagamula kuti ana osamva aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha, ndipo kwa zaka zambiri m'mayiko ochuluka ana ankaletsedwa kugwiritsa ntchito manja m'kalasi. Chimene chimapweteka mwana ndi kukhala zaka zake zoyamba wopanda chinenero chilichonse, akudikira mawu amene mwina sadzabwera. Funso loti kodi kugontha kumabwera ndi ufiti nalo silinalephere kutuluka. Ana ambiri osamva amabadwa kwa makolo akumva. Ena anagontha atadwala matenda oumitsa khosi, malungo aakulu kapena chikuku, ena chifukwa cha mafinya a m'khutu osachizidwa, ena chifukwa cha mankhwala amphamvu monga gentamicin ndi streptomycin omwe anapulumutsa moyo wawo.

Lachinayi kunali msonkhano wa tsiku lonse kuhotela, ndipo okonza analemba womasulira mmodzi. Pakatha mphindi 20 kapena 30 ubongo umatopa, manambala ndi mayina zimayamba kugwa, n'chifukwa chake timagwira awiriawiri mosinthana. Anazimitsanso magetsi kuti zithunzi zioneke bwino pakhoma, osamva onse n'kutsala mumdima. Mlendo wochokera ku Britain anadabwa kuti zizindikiro zomwe anaphunzira kwawo sizikumveka. Britain ndi America onse amalankhula Chingerezi koma zinenero zawo za manja n'zosiyana, ndipo cha kuno n'chinanso. Bungwe la osamva la MANAD lili ndi dikishonale yake ya chinenero cha manja cha ku Malawi.

Lachisanu tinali pa shopu ya ukalipentala pomwe mtsikana wosamva amafuna ntchito. Bwana wake anali atamutchula kale kuti gonthi wosalankhula, ngakhale mtsikanayo mawu ali nawo, amaseka mokweza, kungoti sawagwiritsa ntchito polankhula. Nkhawa ya bwanayo inali makina ocheka matabwa: ngozi ikachitika amva bwanji? Makinawo akamalira, akumva omwe samvana, amakodolana ndi manja. Anagwirizana zinthu zitatu. Pomuitana, azimudzera kutsogolo n'kukweza dzanja, kapena kumugwira paphewa akakhala kuti sali pa makina, osati kumugenda ndi kathabwa. Pamwamba pa benchi lake aike babu loti wina akhoza kulizimitsa ndi kuliyatsa ali pakhomo. Miyeso ya oda iliyonse izilembedwa pabolodi mu masentimita. Bwanayo anamupatsa thabwa la mlombwa kuti apale aone. Mtsikanayo anayendetsa chala pa mpeni wa puleni, anapukusa mutu, n'kupempha kaye mwala wonolera.